Ntchito zodikira ndi ntchito zosadikira: phunziro la buku la munda

Pa munda ntchito sikutha. Mlimi akadzuka m'mawa amapeza ntchito khumi zikumuyembekezera, ndipo iliyonse imaoneka yofunika: khola la mbuzi lagumuka mbali imodzi, denga la nkhokwe likudontha, mpini wa khasu wasweka, ku dimba repu wayamba kufota, ndipo kumunda udzu waphuka. M'phunziro lino sitikuganizira mlimi waulesi ayi. Tikuganizira mlimi wakhama, wolawira mbandakucha n'kubwerera dzuwa litapendeka, amene chaka ndi chaka amakolola zochepa poyerekeza ndi thukuta limene anakhetsa. Kawirikawiri mlimi wotere mphamvu ali nazo, nthaka yake si yoipitsitsa, ndipo feteleza amagula ndithu. Chimene chimamugwetsa n'chakuti ntchito yoyenera amaigwira pa tsiku losayenera.

Tikamba tsono za kasanjidwe ka ntchito, momwe mlimi angadziwire yoyamba ndi yotsiriza, ndi za chipangizo chotsika mtengo chimene chingamuthandize kutero. Ophunzira amene muli pano mudzaliyesa phunziroli pa minda yanu yophunzirira. Inu amene munabwerera kale kumidzi kwanu mungaliyese pa khomo panu popanda kudikira mlangizi.

Ntchito sizilemera mofanana

Tikaunika ntchito za chaka chonse tipeza kuti zina zimatha kudikira. Kumata nyumba, kusema mipini, kufolera nkhokwe m'chilimwe, kukonza mpanda: zoterezi mukazichedwetsa masiku atatu, mwataya masiku atatuwo basi. Koma zilipo zina zimene tsiku lake siliikidwa ndi inu. Limaikidwa ndi mvula, ndi mbewu, kapena ndi thupi la chiweto, ndipo likadutsa silibweranso kufikira chaka chamawa.

Yaikulu mwa ntchito zosadikirazi ndi kubzala. Kuno kum'mawa, m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, mvula ya chaka imakhala pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000, ndipo imagwa m'miyezi yowerengeka, kuyambira Novembala kufikira Malichi kapena kuchiyambi kwa Epulo. Ku chigwa cha Luangwa imachepa kuposa apa. Mvula yoyamba yolowa pansi imadzutsa tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'nthaka, timene timawoletsa zinyalala n'kumasula chakudya cha mbewu. Chakudya chimenechi sichikhalitsa, pakuti mvula yotsatira imachitsitsira pansi pomwe mizu yanthete sifika. Chimanga chobzalidwa msanga chimachipeza, pamene chochedwa chimafika m'mbale mutatha kale. Alangizi a bungwe la Conservation Farming Unit akhala akuphunzitsa kuti tsiku lililonse lochedwa kubzala, mvula yobzalira itagwa, limachotsa gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a zokolola. Ngakhale titatenga chiwerengero chochepacho, munda woyenera kupatsa matumba 40 ukachedwa milungu itatu wataya matumba 8. Palibe wakuba amene analowa, palibe ng'ombe imene inadya, koma matumbawo kulibe.

Kupalira koyamba nakonso sikudikira, chifukwa udzu umalimbana ndi chimanga koposa m'milungu 6 yoyambirira, ndipo chimene udzu walanda pa nthawiyo khasu la m'Febuluwale silingabweze. Feteleza wobereketsa wa Urea ali ndi nyengo yake, chimanga chikafika m'mawondo ndiponso nthaka ili yonyowa. Mbozi zodya chimanga zija, zimene zinalowa m'dziko muno chakumapeto kwa 2016, zimaphedwa mosavuta zikadali zazing'ono. Zikakula n'kubisala m'kati mwa mtima wa chimanga, mankhwala amavutika kuzifikira.

Akale anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma mlimi amene tikunenayu sazengereza. Iye wafanana ndi pusi wa mwambi wina uja, wa ichi chakoma ichi chakoma. Ndipo tinene zoona: ntchito zodikira zimakopa. Zili pafupi ndi nyumba, zimaoneka ndi maso, ndipo odutsa pa njira amayamikira khola latsopano. Udzu wa masiku khumi m'munda wa kutali palibe amauona.

Kuwerenga chobwerera m'mbuyo

Ambiri amakonza ntchito poyambira lero n'kumapita kutsogolo: lero ndichita ichi, mawa icho, zotsala tidzaona. Njira imene timaphunzitsa pano imayambira kumapeto. Muyambe mwaika tsiku limene ntchito iyenera kukhala itatha, kenaka muwerenge masiku chobwerera kufikira mutapeza tsiku loyenera kuiyamba.

Titenge chitsanzo cha ulimi wa gamphani, umene ambiri a inu mukuudziwa. Maenje amakumbidwa m'mizere yotalikirana masentimita 90, ndipo mu mzere dzenje ndi dzenje zimatalikirana masentimita 70. Pa hekitala amakwana pafupifupi 15,850, kutanthauza kuti lima imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, imafuna maenje pafupifupi 4,000. Tiyerekeze kuti munthu mmodzi ndi khasu la chaka akukumba maenje 100 pa tsiku, m'maola a m'mawa dzuwa lisanawawe. Wina aposa apa, wina aperewera. Aliyense adziyese yekha masiku atatu n'kulemba chiwerengero chake chenicheni, osati chimene akadakonda. Pa maenje 100, lima imodzi idzatenga masiku 40 ogwira ntchito.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa masamu, chifukwa amawerenga ngati mlungu uli ndi masiku 7 olima. Lamulungu ndi lopuma. Pa masiku 6 otsalawo, limodzi lidzapita ndithu ku maliro, ku chigayo, ku chipatala, ku msonkhano wa kopaletivu kapena kwa amfumu. Mlungu wa mlimi uli ndi masiku 5, ndipo masiku 40 aja ndi milungu 8.

Mvula yobzalira timaiyembekezera chapakati pa Novembala. Koma maenje sayenera kutha pa tsikulo, chifukwa pafunikanso nthawi yothira manyowa kapena feteleza wokulitsa wa D Compound, ndi laimu ngati nthaka ikumufuna, ndi kukwirira. Tisiye milungu iwiri ya ntchito imeneyo. Kukumba kuthe pofika pa 31 Okutobala. Bwererani milungu 8 kuchokera pamenepo, mufika pa 5 Seputembala. Ilo ndilo tsiku lomaliza loyambira lima imodzi. Ngati munthu yemweyo akufuna malima awiri, abwerere milungu 16, ndipo afika pa 11 Julayi. Mlimi amene amati ndidzayamba m'Okutobala, mitambo ikaoneka, wachedwa kale ndi miyezi itatu asanagwire n'komwe khasu, ndipo wasankha mwezi wotentha koposa ndi nthaka youma gwa. N'chifukwa chake timalimbikira kuti kukumba kuyambe mukangokolola, m'Meyi ndi m'Juni, nthaka ikadali ndi kachinyezi ndipo mphepo ikuzizira. Pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ntchito imene imathyola msana m'Novembala imatha osaimva. Zaka zotsatira maenje omwewo amakumbika mofewa.

Amene ali ndi ng'ombe n'kumagwiritsa ntchito chipangizo chong'amba nthaka cha Magoye ripper awerenge chimodzimodzi, ndipo akumbukire kuti ng'ombe zimakhala ndi mphamvu zikangodya mapesi, osati kumapeto kwa chilimwe pamene msipu watha ndipo nthiti zikuoneka.

Kuwerenga chobwereraku kumagwiranso ntchito pa ndalama. Mwa uphungu wodziwika m'dziko muno, lima imodzi ya chimanga imafuna mbewu ya makilogalamu 5, thumba limodzi la makilogalamu 50 la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa. Ngati zonsezi ziyenera kukhala m'nyumba pofika pa 31 Okutobala, ndalama yake ichokera kuti, ndipo ilowa liti? Kwa ambiri imalowa pakati pa Juni ndi Seputembala, pogulitsa chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa kapena thonje. Tsiku limene ndalama yalowa ndilo tsiku logula feteleza, isanapeze njira zina zotulukira. Amene muli pa ndondomeko ya FISP lembani tsiku lolembetsa ndi lopereka gawo lanu la ndalama, koma dziwani kuti tsiku limene zipangizo zidzafika silili m'manja mwanu. Choncho khalani ndi mbewu yokwanira kuyamba nayo, ngakhale ya theka la munda, ndi manyowa okonzeka.

Buku lenilenilo

Zonsezi mutu sungazisunge. Pakufunika buku, ndipo buku lolembamo la ana a sukulu, la masamba ambiri, ndi lokwanira. Mulembe ndi pensulo, chifukwa inki ikanyowa imafalikira. Mulisunge m'kapepala ka pulasitiki, pa malo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba, ndipo lisang'ambidwe pofuna pepala lopichira fodya kapena lolembera kalata.

Pa tsamba loyamba jambulani minda yanu, uliwonse ndi dzina lake, monga wa kumtsinje, wa pachulu, wa kumsangu, ndi kukula kwake m'malima. Pansi pa dzina lililonse lembani mbewu imene munabzalamo chaka chatha ndi imene mubzalemo chaka chino. Tsamba limeneli lidzakuthandizani pa kasinthasintha wa mbewu, pakuti pakapita zaka zitatu anthu a m'nyumba imodzi amatsutsana kuti nshawa zinali mbali iti.

Masamba awiri otsatira ndi a ntchito zosadikira. Lembani miyezi yonse 12, kuyambira Meyi, chifukwa chaka cha mlimi chimayamba pokolola, osati pa Januwale. Pa mwezi uliwonse ikani masiku amene mwapeza powerenga chobwerera. Musadzazemo ntchito zonse za pa khomo. Zikachuluka, zofunika zimabisika pakati pa zosafunika, ndipo tsambalo lataya ntchito yake.

Pakati pa buku ndi pa zochitika za tsiku ndi tsiku. Mzere umodzi pa tsiku ndi wokwanira: deti, munda, ntchito, anthu angati, ndi kuchuluka kwa zimene zachitika. Mwachitsanzo, 3 Disembala, wa pachulu, kupalira, anthu awiri, mizere 14. Taona kuti amene amayamba ndi kulemba nkhani yaitali tsiku lililonse amasiya mwezi usanathe, pamene wa mzere umodzi amafika nalo buku kumapeto kwa chaka. Mizere imeneyi imaoneka yachabechabe pamene mukuilemba, koma chaka chamawa ndiyo idzakuuzani kuti kupalira lima imodzi kumatenga masiku angati pa banja lanu, ndi manja anu, pa nthaka yanu. Palibe mlangizi angakupatseni chiwerengero chimenecho.

Pa mizere yomweyo lembani mvula. Chitini chowongoka m'mbali, chopanda khosi, choikidwa pa mtengo poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, chimayeza mvula bwino. M'mawa muviikemo rula, muwerenge mamilimita, mulembe, mutaye madziwo. Mvula ya chizimalupsa imanyenga ambiri chaka chilichonse: fumbi lazima, fungo la nthaka lakoma, ndipo mtima umafuna kubzala. Chitini sichitengeka mtima. Alangizi ambiri amati mvula yobzalira ikhale ya mamilimita 25 mpaka 30 yogwa pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mukumbe muone ngati chinyezi chalowadi pansi.

Masiku ena oyenera kulembedwa mosalephera ndi awa: tsiku lobzala, tsiku limene mbewu yamera, ndi tsiku lopopera mankhwala. Pa thumba la mbewu pamalembedwa masiku amene mbewuyo imatenga kuti ikhwime, ndipo chiwerengerocho n'chopanda ntchito kwa munthu wosadziwa tsiku limene anabzala. Pa botolo la mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo. Wolima matimati ndi repu ku dimba amene sanalembe tsiku lopopera amangoganizira, ndipo amene adzadye kuganizira kwakeko ndi ana ake ndi ogula ku msika. Chimodzimodzi tsiku lothira mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe, kuti mudziwe nthawi yoyang'ananso matumba.

Kumapeto kwa buku, kuyambira tsamba lomaliza kubwerera m'kati, ndi kwa ndalama: zolowa mbali imodzi, zotuluka mbali ina. Malisiti muwabaye pa waya kapena pa msomali umodzi. Za ndalama zili ndi phunziro lake, pano tingoti zilembedwe tsiku lomwelo.

Madzulo a Loweruka

Buku losatsegulidwa ndi katundu chabe. Kamodzi pa mlungu, ife timakonda madzulo a Loweruka, banja likhale pansi kwa kanthawi kochepa, nthawi yosaposa imene mphika wa nsima umatenga kuti upse. Muyang'ane tsamba la ntchito zosadikira n'kufunsa kuti ndi iti imene tsiku lake likugwera m'milungu iwiri ikudzayi. Musankhe ntchito zazikulu zitatu za mlungu umene ukubwera, osaposa apo, ndipo pa iliyonse mulembe dzina la woigwira ndi chipangizo chofunika. Ngati chipangizocho n'chobwereka, monga chopopera mankhwala, ngolo kapena ng'ombe za mnansi, mukapemphe mawa lomwe, chifukwa pa nyengo ya ntchito mudzi wonse umafuna chinthu chimodzi pa tsiku limodzi.

Ntchito zodikira zilembedwe pa tsamba lake lapadera, ndipo zizitengedwa pamene mpata wapezeka: tsiku la mvula yamvumbi, masana dzuwa litakula, kapena m'miyezi ya chilimwe. Kuzilemba kuli ndi phindu lina limene ambiri saliganizira. Ntchito yosalembedwa imazungulira m'mutu usiku wonse n'kumadzikumbutsa, ndipo m'mawa munthu amaithamangira kuti imusiye. Ikalembedwa imakhala chete kufikira nthawi yake.

Masiku a ziweto

Ziweto zili ndi kalendala yake imene sisintha, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti alimi ambiri amadzidzimuka ndi chinthu chodziwikiratu. Nkhumba imakhala ndi bere masiku 114, kapena kuti miyezi itatu, milungu itatu ndi masiku atatu. Mbuzi imatenga masiku pafupifupi 150, ng'ombe miyezi 9 ndi masiku pang'ono, ndipo nkhuku imakhalira mazira masiku 21. Nkhumba yokweredwa pa 10 Juni idzaswa pa 2 Okutobala kapena pafupi ndi pamenepo. Wolemba tsiku lokwera amadziwa tsiku lokonza khola, kuyala udzu wouma ndi kuonjezera chakudya. Amadziwanso tsiku loyang'ana ngati yatenga bere, chifukwa nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe zikapanda kutenga zimafunanso yamphongo pakapita masiku pafupifupi 21. Pa chitsanzo chathu, ndi pa 1 Julayi.

Apanso muwerenge chobwerera. Mbuzi yokweredwa pa 1 Ogasiti idzabereka kumapeto kwa Disembala, mvula ili pakati, khola lili matope, njoka zam'mimba zitachuluka, ndipo banja lonse lili kopalira. Mlimi amene angathe kupatula atonde ndi kusankha nthawi yokweretsa aganizire mwezi umene akufuna kuti ana abadwe, kenaka abwerere miyezi isanu.

Katemera wa chitopa amabwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo amathandiza nkhuku zisanadwale. Tsiku lake lilembedwe, ndipo lotsatira lilembedwe nthawi yomweyo pa tsamba la zosadikira. Kusambitsa ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa kukhale ndi tsiku lake la pa mlungu m'nyengo ya mvula, tsiku limodzimodzi nthawi zonse, kuti ngakhale mwana woweta alidziwe popanda kuuzidwa.

Manja a pa banja

Dongosolo lolembedwa ndi bambo okha, n'kulengezedwa kwa ena m'mawa, limasweka msanga, ndipo chifukwa chake chimaoneka tikawerenga maola. Bambo akalemba kuti anthu awiri adzapalira tsiku lonse, kawirikawiri sanawerenge kuti mmodzi mwa awiriwo ayenera kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika, kusambitsa ana ndi kupita nawo ku sikelo. Ntchito zimenezi nazonso sizidikira, ndipo zimadya maola ambiri tsiku lililonse. Zikapanda kulembedwa, dongosolo limaoneka lokwanira pa pepala, koma kumunda mizere imatsala, ndipo kunyumba kumabuka mawu. Amayi akhale nawo pa msonkhano wa Loweruka monga eni munda, osati omvera chabe, ndipo minda imene imatchedwa ya amayi, monga ya nshawa ndi nyemba, ilowe m'buku mofanana ndi wa chimanga. Nshawa zobzalidwa mochedwa, chimanga chitatha, zimapatsa zochepa ndipo zimagwidwa mosavuta ndi matenda a khate. Banja limene limasema nkhuni zambiri m'Seputembala n'kuziunjika pa mthunzi lawombola maola a amayi a m'Disembala.

Ana a sukulu awerengedwe moona: alipo pa tchuthi cha Disembala, koma Januwale akafika abwerera ku sukulu. Kuyambira 2022 sukulu za boma sizilipiritsa, komabe yunifolomu, nsapato ndi mabuku zimafuna ndalama m'mwezi womwewo umene Urea akufunika. Zilembedwe zonse ziwiri pa tsamba limodzi kuti musadzasankhe pakati pa mwana ndi munda.

Pali nkhani ina yolemera koposa, ya ganyu. M'Januwale ndi m'Febuluwale, nkhokwe zikatha, mabanja ambiri amasiya minda yawo n'kukapalira ya ena kuti apeze ufa wa tsikulo. Palibe angawadzudzule, pakuti mwana wanjala sauzidwa kuti adikire. Koma taonani mmene msamphawu umagwirira: masiku amene akupita ku ganyu ndi omwewo amene munda wawo ukufuna kupaliridwa, zokolola zimachepa, nkhokwe imathanso msanga, ndipo chaka chamawa ganyu amayamba mofulumira kuposa chaka chino. Buku silingadzaze nkhokwe, koma lingaonetse dzenjelo mukadali kutali nalo. Pokolola werengani matumba, muwerengenso kuti banja lanu limadya matumba angati pa mwezi, ndipo mulembe mwezi umene chakudya chidzathe. Muchite zimenezi musanagulitse thumba ngakhale limodzi, kaya ku FRA kaya kwa amalonda. Ngati chiwerengero chikusonyeza kuti chidzatha m'Januwale, muli ndi miyezi 7 yokonzekera: kuchepetsa zogulitsa, kulimbikira dimba, kugwira ganyu wa m'chilimwe pamene munda wanu sukukufunani, kusunga kanthu ku chilimba kapena ku gulu losunga ndalama, kapenanso kulima malo ochepa amene manja anu angakwanitse kupalira pa nthawi yake. Malima awiri osamalidwa bwino amaposa anayi osiyidwa m'udzu, ngakhale kuti kuchepetsa munda kumapweteka mtima wa mlimi aliyense.

Kalendala, foni ndi amene sadziwa kulemba

Kalendala ya pa khoma ndi mnzake wa buku. Masiku a zosadikira azunguliridwe ndi pensulo kuti aliyense wolowa m'nyumba awaone. Foni nayonso ili ndi malo ake: ngakhale yaing'ono ya mabatani ili ndi alamu ndi kalendala, ndipo ingakukumbutseni tsiku la katemera. Amene ali ndi foni yojambula angajambule masamba a buku kamodzi pa mwezi, kuopa moto ndi chiswe. Koma sitikulangiza kuti foni ilowe m'malo mwa buku. Imatha moto, imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo imayenda m'thumba la munthu mmodzi pamene buku limatsala pa khomo kwa onse.

Wosadziwa kulemba asaone ngati phunziroli lamupitirira. Mwana wa giredi 5 angathe kulemba mzere wa tsiku, ndipo potero amaphunzira masamu ndi ulimi nthawi imodzi. Zizindikiro nazo zimakwanira: khasu lojambulidwa pa deti, dontho la mvula, mutu wa mbuzi. Nkhuku ikayamba kukhalira, ikani njere 21 za chimanga m'kabotolo n'kumachotsa imodzi m'mawa uliwonse. Makolo athu ankawerenga masiku ndi mfundo za pa chingwe, ndipo njirayo sinathe ntchito.

Pamene dongosolo lasweka

Lidzasweka ndithu. Maliro adzagwa pa mlungu wobzala, malungo adzagwira amene mumadalira, ng'ombe idzatsimphina. Tsiku limodzi pa mlungu limene tinasiya lija ndi la zoterezi, ndipo amene anamaliza maenje m'Okutobala angathe kupita ku maliro n'kubwera kudzabzala m'masiku awiri, pamene mnzake akuyamba kumene kugaula. Zikachitika musataye buku chifukwa cha milungu iwiri yosalembedwa. Siyani mpata, mulembe deti la lero, mupitirize. Pa Loweruka lotsatira funsani funso limodzi: mwa ntchito zotsalira, ndi iti imene ikutaya matumba tsiku lililonse? Iyo iyambe, zina zibwerere ku tsamba la zodikira.

Chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinapsereza minda ya osamala ndi osasamala omwe, ndipo palibe buku likadagwetsa mvula. Komabe mlimi amene analemba mvula ya chaka chimenecho ali ndi chuma chimene mnzake alibe. Akudziwa tsiku limene mvula inaduka ndi masiku amene ng'amba inatenga, munda umene unapirira ndi umene unafota msanga, mbewu imene inapatsako kanthu ndi imene inapsa yonse. Posankha mbewu ya chaka chino, kapena poganiza zoika gawo la munda ku mapira, chinangwa kapena nyemba, iye akuyang'ana zolembedwa, osati zokumbukira, pakuti chikumbumtima cha chaka cha njala chimasunga ululu koma chimataya madeti.

Ntchito ya mwezi uno

Ophunzira amene muli pano, aliyense apeze buku lake ndipo ajambule munda wake wophunzirira pa tsamba loyamba. Kwa masiku atatu otsatizana yezani maenje amene mumakumba pa maola awiri, mulembe chiwerengerocho, ndipo kuchokera pa 31 Okutobala muwerenge chobwerera kufikira mutapeza tsiku lanu loyambira lima imodzi. Mubwere nawo masamuwo m'kalasi kuti tidzawayerekeze, chifukwa adzasiyana, ndipo tidzafuna kudziwa chimene chawasiyanitsa.

Inu a kumidzi, chitani chimodzimodzi ndi minda yanu yonse, muonjezepo chiwerengero cha matumba ndi mwezi umene chakudya chidzathe. Amene muli ndi mabuku a zaka zapitazo, ngakhale ong'ambika ndi odetsedwa ndi utsi, mubwere nawo mukamadzatichezera, makamaka masamba a mvula. Tikufuna kuyerekeza masiku obzalira a m'madera osiyanasiyana, a kumtunda ndi a kuchigwa, kuti ophunzira atsopano akhale ndi poyambira.